Tsiku lofika pa ulendo wa banja wopita ku paki ya masewera: mafunso ndi mayankho

Mabanja a mu Blantyre amene amasunga ndalama chaka chathunthu, ena zaka ziwiri, kuti akasangalatse ana ku Gold Reef City ku Johannesburg, ku uShaka Marine World ku Durban kapena ku Sun City, konseko ku South Africa, amakonza bwino kwambiri masiku olowa m'paki, koma tsiku lofika amalisiya lopanda ndondomeko, kapena amalipanikiza ndi zochita mpaka ana kugona akulira. Mafunso ali m'munsimu ndi amene makolo anzanga akhala akundifunsa kuchokera pamene ine ndi banja langa tinayenda ulendo wotere. Maganizo anga ndiwanene poyambirira, kuti pasakhale kubisa: tsiku lofika ndi lokonzera tsiku lotsatira, ndipo banja likaligwiritsa ntchito motero, ndalama za matikiti zimapindula.

Kodi tilowe m'paki tsiku lomwelo limene tafika?

Kwa mabanja ambiri ndinganene kuti ayi. Tikiti ya paki imagulidwa pa mtengo wa tsiku lonse ngakhale mutalowa madzulo, ndipo paki ngati ya Gold Reef City imatseka dzuwa lisanalowe, cha m'ma 5 koloko. Ngati ndege yatera masana, mudzaima pa mzere wodinditsa mapasipoti, mudzadikira katundu, mudzafuna galimoto, kenako mudzapita kukatula masutikesi kumene mukagone. Pofika pa chipata cha paki mudzakhala mutatsala ndi ola limodzi kapena awiri, ndipo gawo lalikulu la nthawi imeneyo lidzathera pa mizere. Kwa banja la anthu asanu limene lavutika kupeza ndalama zakunja ku banki, kulipira tsiku lonse n'kusangalala ola limodzi ndi kutaya kumene kumapweteka mtima kwa nthawi yaitali.

Palinso chifukwa china chimene ine ndimachiona kuti n'chachikulu kuposa ndalama. Mwana amakumbukira mmene anaonera chinthu koyamba. Akalowa m'paki ali ndi tulo, njala ndi mutu wopweteka, phokoso la nyimbo ndi kukuwa kwa anthu okwera sitima zothamanga m'njanji zokhotakhota zimamuopsa m'malo momukondweretsa, ndipo mawa lake mudzavutika kumunyengerera kuti akwere chilichonse. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo mawu amenewa amakwanira bwino pa tsiku loyamba la ulendo.

Ndege yochokera ku Chileka imangouluka maola awiri ndi pang'ono. Kutopa kwake kukuchokera kuti?

N'zoona kuti ulendo wa m'mlengalenga ndi waufupi, komanso nthawi ya ku South Africa ndi yofanana ndi yathu, moti simusintha wotchi. Koma tsiku la mwana siliyambira m'ndege. Limayamba usiku wa dzulo lake, pamene nyumba yonse ili pikitipikiti kulongedza, abale akubwera kudzatsanzika ndi kudzapereka timaphukusi, ana osagona chifukwa cha chimwemwe. M'mawa mumadzuka msanga, mumadutsa m'misewu yodzaza kuchokera ku Limbe, ku Bangwe kapena ku Chilomoni kuti mukafike ku bwalo la ndege maola awiri kapena atatu ndege isananyamuke. Mukatera pa O. R. Tambo ku Johannesburg mumapeza bwalo lalikulu kwambiri, loyenda mitunda yaitali ya wapansi m'makonde, ndipo mwana wa zaka zinayi amafuna kuberekedwa pomwe manja anu onse ali ndi katundu. Mukawerenga kuchokera pakhomo panu kufika pa bedi la kuhotela, maola asanu ndi atatu amakwana mosavuta.

Kumbukiraninso kuti Johannesburg ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Blantyre ili cha m'ma 1,000. Mpweya wake ndi wouma, makamaka m'miyezi yozizira, ndipo milomo imang'ambika, ludzu limakula, ena mutu umawawa pang'ono. Madzi akumwa ndi mafuta opaka zikhale pafupi.

Nanga ife amene tikuyenda pa basi?

Kwa inu funso lolowa m'paki tsiku lofika lisabwere n'komwe m'maganizo. Basi yochokera ku Blantyre imadutsa pa chipata cha Mwanza ndi Zobue, imaoloka Zambezi pa Tete, imalowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, imadutsa Harare, kenako imakaima pa Beitbridge, pamene nthawi yodikira palibe amene angakulonjezeni. Ulendowu umapitirira tsiku limodzi ndi usiku wake, ndipo nthawi yofikira pa Park Station, siteshoni ya mabasi ya ku Johannesburg, imatha kusintha ndi maola ambiri. Miyendo imatupa, ana amakhala atadya zokazinga ndi mabisiketi okhaokha, zovala zimanunkha thukuta. Ndondomeko yanu ya tsiku limenelo ikhale kusamba, kudya chakudya chotentha ndi kugona basi. Ngati thumba likulola, ikani tsiku lina lathunthu lopuma pakati pa kufika ndi kulowa m'paki. Chofunika kwambiri n'chakuti munthu wodzakutengani pa Park Station mugwirizane naye musananyamuke, chifukwa pamalopo pamakhala piringupiringu, ndipo si pabwino kuimapo ndi ana ndi masutikesi mukufunsa njira kwa aliyense wodutsa.

Tikafika m'mawa, chipinda chisanakonzeke, tichite chiyani?

Mahotela ambiri amapereka makiyi kuyambira 2 kapena 3 koloko masana, chifukwa alendo ochoka amatuluka cha m'ma 10 kapena 11 koloko ndipo zipinda zimayenera kuyeretsedwa. Lembani uthenga sabata imodzi musananyamuke, kuwauza nthawi imene mufike ndi kuti muli ndi ana aang'ono. Nthawi zina amakukonzerani chipinda msanga, mwina kwaulere, mwina ndi ndalama yoonjezera. Ngakhale zitakanika, pafupifupi hotela iliyonse imasunga katundu wa alendo pamalo olandirira, ndipo imakupatsani kapepala kokatengera. Musaike mapasipoti, ndalama ndi mankhwala m'katundu wosiyayo.

Ngati mwachita lendi nyumba yophika nokha m'malo mwa hotela, funsani mwatsatanetsatane kuti makiyi mukawapeza kwa yani, kapena nambala yotsegulira chipata ndi iti, ndipo yankho lake mulilembe papepala, chifukwa pa nthawi imeneyo foni yanu ikhoza kukhala isanayambe kugwira intaneti.

Ndi ntchito ziti zimene tiyenera kumaliza tsiku lofika?

Yoyamba ndi foni. Simukhadi ya ku South Africa imalembetsedwa motsata lamulo limene amalitcha RICA, ndipo mlendo amaonetsa pasipoti ndi adiresi ya kumene akukagona. Makampani a Vodacom ndi MTN ali ndi masitolo pa bwalo la ndege la O. R. Tambo, ndipo ngakhale mitengo ya bandulo pamenepo ingakhale yokwererapo, kumalizira nkhaniyi pomwepo kumakupatsani mwayi woitana takisi ya Uber kapena Bolt, woona mapu ndi wouza a kumudzi pa WhatsApp kuti mwafika bwino. Ngati muli akuluakulu awiri, aliyense akhale ndi nambala yogwira, pakuti m'paki mudzapatukana, wina ndi ana okulirapo, wina ndi aang'ono.

Yachiwiri ndi ndalama. Tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira kuno, makamaka kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo makhadi a mabanki athu amakhala ndi malire a ndalama zimene mungagwiritse ntchito kunja. Yesani khadi lanu tsiku lofika pogula kanthu kakang'ono m'sitolo. Likakana, muli ndi madzulo onse oimbira ku banki kapena okonza njira ina, kusiyana ndi kuzindikira vutoli mawa pa zenera la matikiti, ana atakugwirani malaya ndi mzere wa anthu uli kumbuyo kwanu. Malo ambiri achisangalalo kumeneko amakonda khadi kuposa ndalama za m'manja, ndipo ena salandira n'komwe za m'manja, choncho funsani za paki yanu pasadakhale.

Yachitatu ndi kanthu kochepa kamene kamaiwalika kawirikawiri. Mapulagi athu ali ndi mano atatu amakona, pomwe masoketi ambiri a ku South Africa amafuna mano atatu obulungira. Popanda adaputala matchaja anu onse ndi opanda ntchito, ndipo mafoni amafa usiku womwewo. Imapezeka m'masitolo akuluakulu ngati Checkers, Pick n Pay ndi Shoprite, kumene mudzagulenso madzi, buledi, mkaka, zipatso, matewera ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa.

Ana adzakakamira kuti aone paki. Tingawasangalatse bwanji popanda kugula tikiti?

Apa ndi pamene kusankha bwino malo ogona kumathandiza. Ku Durban, uShaka Marine World, imene inatsegulidwa mu 2004, ili ndi gawo la masitolo ndi malo odyera lotchedwa Village Walk, limene munthu amalowa popanda tikiti. Mukhoza kudya chakudya chamadzulo pamenepo, ana n'kuona chombo chachikulu chimene m'kati mwake muli nsomba zimene adzaone mawa, n'kumva phokoso la madzi a m'gawo la Wet 'n Wild. Pafupi pomwepo pali msewu wa oyenda pansi wotsata gombe, umene umalowera ku gombe lotchuka la Golden Mile. Mwana wokulira ku Ndirande amene madzi aakulu anangowaona ku Mangochi, akaima koyamba patsogolo pa nyanja ya Indian, n'kulawa mchere pa chala chake, tsiku lake lakwanira kale. Musamulole kulowa m'madzi madzulo amenewo. Mafunde a kumeneko ndi amphamvu kuposa a kunyanja kwathu, ndipo malo osambira ndi okhawo amene ali pakati pa mbendera, pamene pali opulumutsa anthu.

Ku Johannesburg, ngati mwagona pafupi ndi Gold Reef City, kungoyenda kukaona chipata, nsanja ndi njanji za sitima zija chapatali kumakwanira, ndipo inu akuluakulu mumadziwiratu polowera ndi poimika galimoto. Apartheid Museum, nyumba yosungira mbiri ya ulamuliro wa tsankho, ili pafupi kwambiri ndi pakiyi, ndipo ndi malo ofunika kuwaona, koma sindingalangize kupitako tsiku lofika kapena ndi ana aang'ono, chifukwa zithunzi zake n'zolemetsa mtima ndipo zimafuna munthu wopuma bwino. Ngati hotela ili ndi dziwe losambiramo ndipo kukutentha, ola limodzi m'madzi limachotsa kutopa kwa ulendo, limabweretsa njala, kenako tulo tabwino. Mwa zonse zimene tinachita ife tsiku lofika, ana anga amakumbukira dziwe ndi chikepe chokwerera ku zipinda zapamwamba, chimene wamng'ono anapempha kukwera kasanu konse.

Kodi tsiku la sabata limene tifike lili ndi kanthu?

Lili nako, ndipo ambiri amalakwitsa pamenepa. Mapaki ena satsegula masiku onse a sabata. Gold Reef City kawirikawiri imatseka kumayambiriro kwa sabata pamene sukulu za kumeneko zili m'kati. Tchuthi chathu chachitali chimagwa mu August, nthawi imene ana a ku South Africa ali m'kalasi. Ubwino wake ndi wakuti mizere imafupika, koma kuipa kwake ndi kwakuti mukafika Lamlungu madzulo mukhoza kudikira masiku angapo pakiyo isanatsegule, mukulipira malo ogona. Onani kalendala ya pakiyo musanagule matikiti a ndege, ndipo konzani kuti tsiku lofika likhale lotsamira tsiku lotsegula.

August ku Johannesburg ndi wozizira ndi wamphepo, m'mawa chisanu chimaluma kuposa cha chiperoni, ndipo dzuwa limalowa msanga, choncho majuzi akhale pamwamba m'chikwama. Mu December sukulu zonse zimakhala pa tchuthi, anthu amachuluka, ndipo masana kumagwa mvula ya mabingu imene imaimitsa zokwera zina kwa kanthawi. Mapaki amadzi ena amatsekedwa m'nyengo yozizira kuti akonzedwe, nkhani imene muyenera kufunsa ngati cholinga chanu ndi Valley of Waves ku Sun City.

Tili ndi abale ku Joni amene akufuna atilandire tsiku lomwelo. Tiwakane?

Musawakane, pakuti m'bale amene wakhala zaka osaona a kwawo amakhala ndi njala ya nkhani za kumudzi, ndipo kumudutsa ngati simumudziwa ndi chipongwe chimene sichiiwalika. Kunena zoona, tsiku lofika ndi labwino kuonana ndi abale kuposa masiku a paki, chifukwa palibe tikiti imene ikuonongeka. Chofunika ndi kuika malire mwaulemu. Auzeni achimwene kapena alamu anu pasadakhale kuti, "Tidzakhala nanu mpaka 7 koloko, chifukwa anawa ayenera kugona msanga," ndipo ngati n'kotheka apempheni kuti iwo abwere kumene mwafikira, m'malo moti inu mudutse mzinda wonse madzulo. Johannesburg ndi yotambalala, ndipo kuyambira cha m'ma 4 koloko misewu ikuluikulu imadzaza. Ulendo umene pa mapu ukuoneka waufupi ukhoza kutenga ola lathunthu.

Timaphukusi timene mwatumidwa tiperekeni tsiku lomwelo kuti tisakulemereni. Koma musananyamuke muziona zimene zili m'kati mwa phukusi lililonse, ngakhale lochokera kwa azakhali anu enieni, chifukwa pa chipata wofunsidwa ndinu, ndipo zakudya zina za nyama, nsomba ndi mbewu zili ndi malamulo ake polowa m'dziko la eni.

Ana athu sadya zachilendo. Tsiku loyamba adye chiyani?

Adye zimene amazidziwa. M'mimba mwa mwana amene wayenda tsiku lonse si moyeseramo zakudya zatsopano za tsabola, ndipo kutsegula m'mimba usiku woyamba kumaononga masiku awiri. Mwayi wake ndi wakuti ku South Africa nsima iliko. Amaitcha pap, ndipo ufa wake umagulitsidwa m'sitolo iliyonse. Ngati muli ndi khitchini, kapoto ka nsima ndi mazira kapena nkhuku kamakhazika mtima wa aliyense pansi, kuyambira agogo mpaka mwana. Ngati mulibe, mpunga ndi nkhuku kapena tchipisi zimapezeka paliponse. Zozizira za shuga wambiri zidikire mawa.

M'chikwama cha m'manja tiikemo chiyani chifukwa cha tsiku limeneli?

Funso ili ndimaliyankha ndi mtima wonse chifukwa linatigwera. Titatera, masutikesi athu awiri anatuluka pa lamba wozungulira uja, koma yachitatu, mmene munali zovala zonse za ana, sinaoneke. Tinaima mpaka lamba anasiya kuzungulira, anthu onse atapita, mwana wathu wamkazi atagwira chidole chake akuyang'anabe pa kabowo kotulukira katundu. Tinalembetsa dandaulo, ndipo sutikesiyo inatipeza madzulo a tsiku lotsatira. Chimene chinatipulumutsa n'chakuti mayi a ana anali ataika m'chikwama cha kumsana zovala zosinthira za mwana aliyense, juzi, misuwachi ndi chitenje. Chitenjecho chinagwira ntchito ya bulangete m'ndege, ya mbereko m'makonde a bwalo la ndege, ndi ya thaulo ku dziwe.

Choncho m'chikwama cha m'manja muikemo zovala za tsiku limodzi za munthu aliyense, zosambira nazo ngati mukufuna dziwe, mankhwala onse amene wina amamwa tsiku ndi tsiku, matchaja, ndi mapepala a ulendo: mapasipoti, umboni wa malo ogona, matikiti obwerera, ndi zikalata za kubadwa za ana. Ngati kholo limodzi latsala, kalata yake yovomereza kuti ana ayende ndi yabwino kukhala nayo. Gawaninso zovala m'masutikesi mosakaniza, kuti imodzi ikasowa pasakhale munthu wotsala ndi zovala za m'thupi zokha.

Madzulo a tsiku lofika tikambirane chiyani ndi ana?

Choyamba ndi msinkhu. Zokwera zothamanga kwambiri, monga Anaconda ndi Tower of Terror ku Gold Reef City, zili ndi malire a kutalika kwa wokwera, ndipo ogwira ntchito sanyengerereka, pakuti malambawo ndi zitsulo zotchingira zinapangidwira thupi la msinkhu wakutiwakuti. Muyezeni mwana aliyense kunyumba musananyamuke, muone malire a paki yanu, ndipo madzulo amenewa mumuuze mwachikondi zimene adzakwere ndi zimene adzadikire mpaka atakula. Kulira kwa m'chipinda kumatha msanga kuposa kulira kwa pa mzere, pamaso pa anthu, akulu ake atalowa iye n'kubwezedwa.

Chachiwiri ndi kusochera. Tsegulani mapu a pakiyo pa foni kapena papepala, musankhe malo amodzi oonekera patali okumanirana wina akasowa, ndipo muwaphunzitse ana kuti akasochera aime pomwepo kapena apite kwa wogwira ntchito wovala yunifolomu, asatuluke pa chipata ndi munthu aliyense. Lembani nambala yanu yatsopano pa kapepala koika m'thumba la mwana, chifukwa nambala ya kuno imene anailoweza singakhale ikugwira. Mwana amene Chingerezi sichinakhazikike muyeseze naye mawu ochepa otchula dzina lake ndi la kholo lake. Pomaliza aliyense atchule chinthu chimodzi chimene akufunitsitsa kuchita mawa, kuti mudzayambe ndi zimenezo mizere isanatalike.

Tikuyenda ndi agogo. Tsiku limeneli tiwaganizire bwanji?

Pemphani njinga ya olumala pa bwalo la ndege pogula tikiti ngati miyendo yawo imavuta. Si chamanyazi, ndipo imafupikitsa ulendo wa m'makonde. Akafika apume, amwe tiyi, ndipo mankhwala awo a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi asadumphe nthawi chifukwa cha chipwirikiti.

Koma agogo si katundu wongosamalidwa pa ulendo umenewu. Gold Reef City inamangidwa pa mgodi wakale wa golide wa Crown Mines, pa Shaft 14, m'dera limene golide anapezeka mu 1886 n'kubala mzinda wa Johannesburg. Amalawi zikwizikwi anagwira ntchito m'migodi ya kumeneko, atalembedwa ndi bungwe la Wenela, limene dzina lake latsala pa depoti ya mabasi mu Blantyre muno, ndipo pambuyo pake ndi bungwe lolowa m'malo mwake la TEBA. M'mabanja ambiri muli munthu amene anapita ku Joni n'kubwera ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chosatha, kapena amene sanabwerenso. Madzulo a tsiku lofika, ana atasamba, apempheni agogo kuti afotokoze za achimwene awo kapena bambo awo amene anatsikira pansi pa nthaka imeneyo. Mawa mwana akadzaona nsanja ya mgodi, zipewa ndi nyali za anthu a m'migodi, adzadziwa kuti malowo akukhudza mtundu wake. Bambo anga atafotokoza za amalume awo usiku umenewo, mwana wanga wamkulu anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati pansipo pankafika mpweya.

Mwana akatentha thupi usiku woyamba tichite chiyani?

Musangoti ndi kutopa kwa ulendo. Mwana wochokera ku Malawi akhoza kunyamuka ndi malungo m'thupi osaonekera, n'kudzatulukira atafika. Ku Johannesburg ndi ku Durban malungo si matenda a tsiku ndi tsiku ngati kuno, choncho muuzeni dokotala momveka kuti mwachokera ku dziko la malungo ndipo mukupempha kuti mwanayo ayezedwe magazi. Tsiku lofika funsani pamalo olandirira alendo kumene kuli chipatala ndi famase yapafupi, ndipo sungani nambala ya 112, imene imagwira pa foni ya m'manja pa ngozi iliyonse. Panado wa ana ndi mapaketi a Thanzi ORS zichokere kuno. Zipatala zolipira za kumeneko n'zodula kwambiri kwa mlendo, chifukwa chake inshuwalansi ya ulendo ndi ndalama imene sindinganene kuti muidumphe.

Nanga ngati ulendo wathu ndi wa ku Dubai, ku Paris kapena ku Orlando?

Zonse zanenedwazi zimagwira, koma mowirikiza, chifukwa ulendo wotere umafuna kusintha ndege ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, ndipo nthawi zambiri umadya usiku wathunthu. Dubai ili patsogolo pathu ndi maola awiri, ndipo pakati pa chaka kumatentha kopitirira madigiri 40, moti tsiku lofika ndi lokhala m'nyumba. Paris imasiyana nafe ndi ola limodzi kapena kufanana nafe, malinga ndi nyengo. Orlando, kumene kuli Walt Disney World, ili m'mbuyo mwathu ndi maola asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, kutanthauza kuti pamene kumeneko ili 2 koloko masana, thupi la mwana likuti ndi nthawi yogona. Yesetsani kuti akhale maso, ali panja pa kuwala, mpaka kutada, apo ayi adzadzuka pakati pa usiku akufuna phala. Disney Springs ku Orlando ndi Disney Village ku Paris ndi malo olowa popanda tikiti, oyenera madzulo a tsiku lofika.

Kodi palibe nthawi imene kulowa m'paki tsiku lofika kuli koyenera?

Ilipo. Ngati munagona kale ku Johannesburg ndipo mwangouluka ola limodzi kupita ku Durban m'mawa, kapena mwayenda maola awiri ndi theka pa galimoto kupita ku Sun City, tsiku limenelo si lolemetsa, ndipo ana okulirapo akhoza kusangalala masana onse. Zimathekanso ngati malo anu ogona akuphatikiza kulowa m'paki pa mtengo wake, kapena muli ndi tikiti ya masiku angapo imene siwerengera tsiku lililonse padera; pamenepo kulowa ola limodzi kukaona malo sikukutayitsani kanthu. Ngakhale zili choncho, musagule pasadakhale tikiti yomangidwa pa deti la tsiku lofika, chifukwa ndege ikachedwa kapena ikasinthidwa, ndalamazo kuzibweza kumavuta.

Tigone nthawi yanji, ndipo tisanagone titsirize chiyani?

Ana akhale pa bedi pofika 8 koloko, ngakhale atanena kuti alibe tulo. Akagona, inu akuluakulu tchajani mafoni onse, sungani matikiti a mawa pa foni ndi kuwajambula kuti aoneke ngakhale intaneti itavuta, yalani zovala ndi nsapato zotseka za aliyense, ndipo longedzani chikwama chimodzi cha madzi, zipewa, majuzi ndi zosinthira za wamng'ono. Onani malamulo a pakiyo pa nkhani yolowa ndi chakudya, pakuti mapaki ambiri salola. Mapasipoti atsekereni m'kabokosi kachitetezo ka m'chipinda ngati kalipo, n'kuyenda ndi zithunzi zake. Gwirizanani za galimoto ya m'mawa ndi nthawi yonyamuka, kuti mukafike pa chipata theka la ola chisanatsegulidwe, ndipo tcherani alamu pa mafoni awiri.